Apongozi Anayanika Zimbale za Aneba

Nyumba za mumsewu wathu ku Sheffield n'zogundizana, mzere umodzi kukwera chitunda, ndipo makoma ake ndi opyapyala moti mnzako akatsokomola kwake iwe umayamba kufuna mankhwala kwako. Kuseri kwa khoma lathu la pabalaza kunkakhala mdala wina wachingerezi, wamtali, wa tsitsi loyera lofika m'mapewa, amene akazi ake anamwalira ife tisanabwere. Tinkangowatchula kuti aneba. Moyo wawo wonse anagwira ntchito kufakitale ya zitsulo, koma ukawafunsa kuti anali ndani ankayankha kuti anali woimba chitoliro ndi ogani.

Ine ndinabwera kuno kudzaphunzira, kenaka ndinatsalira pa ntchito ya makompyuta. Mayi a kunyumba ndi namwino. Nyimbo zimene ndinakula nazo n'zoti gitala akangolira miyendo imadziwa yokha chochita. Ndiye tsiku limene aneba anandiitana kuti ndikamve zimbale zawo, zakuda zija za galamafoni, ndinapita chifukwa cha ulemu basi. Munthu wamkulu akakuitana sufunsa kuti kuli chiyani.

Lamulo la m'nyumba mwawo linali limodzi: singano ikatera pachimbale, pakamwa tseka. Tinakhala pansi. Ogani anayamba kulira. Ndinadikira woimba, osabwera. Ng'oma zinalowa, zinathamanga, kenaka zonse zii, kumangomveka mbalame ndi belu la njinga. Ndinayesa kugwedeza phazi, koma kagundidwe kake kanali kotsimphina, ukati wakagwira kakupulumuka. Nyimbo imodzi yomweyo inadya mbali yonse ya chimbale.

"Usadzivutitse, mwana wanga," anatero aneba atachotsa singano. "Imeneyi si yovina."

Ndinawafunsa kuti anthu ovina anawalakwira chiyani. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira pamenepo ndinasanduka wophunzira wawo wa Loweruka masana.

Zimbale zawo anazigawa patatu. Pashelefu ya pansi panali nyimbo za makolo awo, za amalinyero, za ogwira m'migodi, za atsikana onyengedwa ndi asilikali. Gitala wopanda magetsi, mawu owuma, ndipo pofika vesi lachitatu wina amakhala atamira kapena atanyongedwa. Pakati panali za anyamata a nthawi yawo amene ankamwa zozunguza bongo n'kumati aona kuwala. Zimenezi zinkazungulira m'mutu ngati malungo, magitala akulira chobwerera. Pamwamba panali zazitali zija, za anthu amene anaphunzira nyimbo za m'tchalitchi ali ana n'kukula ndi mtima wofuna kuonetsa kuti zala zawo zimatha. Zikuto zake nazo zinali ndi misala yake: njinga ikuuluka pamwamba pa manda, nkhono yaikulu itabereka mzinda, mayi amene tsitsi lake linasanduka mtsinje.

Oimba ake ankawadziwa ngati anthu a m'mudzi mwawo. Uyu anasiya kuimba n'kukaweta nkhosa. Uyu mutu unasokonekera, anathera kwa mayi ake. Awa awiri anakangana chifukwa cha mkazi, ndipo ukamvetsera bwino chimbale chawo chomaliza umamva kuti sakuyang'anana. Sindinganame kuti ndinazikonda zonse. Zina ndinkangopirira ngati ulaliki wa mlendo. Koma khutu limazolowera, ndipo patapita nthawi ndinayamba kudzipeza ndikuimba mluzu wa zinthu zosavinika ndikudikira tiramu, kasitima ka m'tauni.

Panali chimbale chimodzi chimene sichinkakhala pashelefu. Chinali m'chikuto choyera chopanda chithunzi, ndipo Loweruka sankachiika. Chimenechi chinali chawo. Ali anyamata anali ndi gulu lawo, iwo pa chitoliro ndi ogani, anzawo ena pa gitala ndi ng'oma, ndipo woimba anali mtsikana amene anadzakhala mkazi wawo. Kampani ina ya ku London inawajambula, inadinda zimbale zochepa zongoyeserera, kenaka inasintha maganizo. Matepi ake anasowa. Anzawo aja anabalalika, ena anamwalira, ndipo zimbale zawo palibe anadziwa kumene zinathera. Chimene chinatsala chodziwika ndi cha aneba. Nyimbo yoyamba kumbali yachiwiri akazi awo anaipeka okha n'kuimba okha, popanda choimbira chilichonse. Zina zonse zinali za zoimbira zokhazokha, choncho padziko lonse mawu a mayi amene uja anatsala pamenepo pokha.

Nyimbo imeneyo ankaiika Lamulungu masana, ali okha. Ife tinkaimvera kukhoma. Ndinawauza kuti ndikhoza kuikopera pakompyuta kuti isadzatayike, ndipo anavomera, koma anati tidikire achoke kaye kuchipatala kumene ankayembekezera opaleshoni ya m'chiuno, agulenso singano yatsopano. Sankafuna kuti munthu wina achigwire iwo palibe.

Chaka chimenecho tinali ndi mwana wakhanda, ndipo mayi a kunyumba atayambiranso ntchito apongozi anga anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzatithandiza. Ndi mayi wa mphamvu zake, wotsogolera nyimbo pakati pa amayi a kumpingo kwawo, wosakhala manja ali khale. Ine ndi iwo tinkakhala mwa mwambo wake. Ndikalowa pabalaza iwo ankapeza chochita kukhitchini. Nkhani zathu zinkadzera mwa mwana wawo, ngakhale tonse tili m'chipinda chimodzi. "Auzeni bambo a mwana kuti madzi afunda." "Auzeni amayi kuti zikomo." Nyumba yopapatiza ngati imene ija, ulemu woterewu umafuna luso, makamaka pa masitepe.

Zambiri za kuno anazilandira mwakachetechete, koma chinyezi anakana kugwirizana nacho. Ankati nyumba ikununkha ngati phanga. Zovala zouma pa hita ankazinunkhiza n'kunena kuti sizinaume, zangofunda. Kwa iwo dzuwa ndiye mankhwala a zonse: matiresi, bulangete, ufa, nsapato, Baibulo, ngakhale munthu amene. Kwathu chinthu chikachita nkhungu sufunsa kwa wina, umachitulutsa panja. Ndiye kadzuwa kakangosuzumira pa Sheffield, apongozi ankathamanga nako ngati kali ndi ulendo, ndipo kunena zoona kamakhaladi ndi ulendo.

Nyimbo ya Lamulungu ija anaimva sabata yawo yoyamba. Anaima ndi mwana kumsana, khutu kukhoma.

"Mayi ameneyu chamupweteka n'chiyani?" anafunsa mwana wawo.

Anayankhidwa kuti ndi choimbira cha aneba, ndipo nkhani inathera pomwepo. Koma Lamulungu lililonse ankapezeka chapafupi ndi khoma lija, akusita kapena akugoneka mwana, n'kumaing'ung'udza. Chingerezi sadziwa kupitirira moni, koma khutu lawo ndi la munthu amene nyimbo zonse za moyo wake anaziphunzira popanda pepala.

Kutatsala pang'ono kuti aneba agonekedwe, paipi inaphulika m'khoma la kuseri kwa mashelefu awo. Madzi sanafike pa zimbale zenizeni, koma zikuto zina zinanyowa ndipo khoma linafunika kugumulidwa. Tinagwirizana kuti amisiri agwire ntchitoyo iwo ali kuchipatala, zimbale zikhale kwathu. Ndinazinyamula m'makatoni n'kuziika pansi pa masitepe. Choyera chija aneba anachilowetsa okha m'katoni yomaliza. Anandiuza kuti zikhale choimirira, ndiponso zitalikirane ndi hita chifukwa kutentha ndi mdani wake. Anandiuza m'Chingerezi, ine ndinavomera m'Chingerezi, ndipo mawuwo anathera mwa ine. Hita anali wozimitsa, unali mwezi wa Julaye. Za dzuwa palibe amene akanaziganiza m'mzinda uno.

Sabata yomweyo kunatentha modabwitsa. Azungu anavula malaya m'mapaki, nyuzi zinkangokamba zomwezo. Tsiku limene kunatentha koposa, tonse awiri tinali kuntchito. Ndinatsika tiramu madzulo, ndinakwera chitunda thukuta lili kamukamu, n'kulowera kanjira ka kuseri.

Choyamba kuona chinali chingwe cha zovala. Pakati pa matewera ndi malaya anga panali zikuto, zopanidwa bwinobwino ndi mapegi: njinga youluka, nkhono yobereka mzinda, mayi wa tsitsi la mtsinje, zonse zikupepeluka. Matiresi athu anali atatsamira mpanda. Ndipo zimbale zinali paliponse. Zina zinatsamira khoma la njerwa, zina zinali pa zivundikiro za mabini a zinyalala, zina pa denga lakuda la kashedi, pamene dzuwa linamenya tsiku lonse. Zinali zitapindika ngati masamba a kabichi. Cha chikuto choyera chinali padenga.

Mayo ine! Mawu anafika pakhosi. Akanakhala munthu wina aliyense, msewu wonse ukanadziwa kuti Amalawi nawo amatha kukuwa. Koma mkamwini sakalipira apongozi, kaya nyumba ikupsa. Ndinaika chikwama pansi, ndinagwira manja pamodzi, ndinati, "Mwaswera bwanji, amayi?"

Anayankha atayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse, koma m'mawu mukumveka kukhutira. Anati katundu wa mzungu uja anali atayamba nkhungu, fungo lake linkafika mpaka kuchipinda kwa mwana. Sakanalola kuti munthu adzachoke kuchipatala n'kupeza zinthu zake zitaola m'nyumba mwathu, anthu angati chiyani? Anazipukuta chimodzichimodzi ndi kansalu. Anangokwanitsa makatoni awiri, enawo mawa. Zoti zapindika anaziona, koma anati zikazizira ziwongoka.

Sizinawongoke. Mayi a kunyumba atabwera ndi amene anawafotokozera, kukhitchini, chitseko chili chotseka. Ine ndinali pabalaza ndikusanja zimbale pa tebulo. Zambiri zinali zoti munthu akhoza kuzipezanso m'masitolo a zakale, ndipo zimenezo sizinandidetse nkhawa kwambiri. Ndinamva mawu a mwana wawo akutsika, kenaka a apongozi akufunsa kuti, "Ya mayi uja?" Tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake ndinapereka maganizo anga kudzera mwa mayi a kunyumba. Ndinati ndikawauza ndekha aneba, ndikanena kuti kutentha kunalowa pansi pa masitepe, palibe amene akanadziwa. Ndinkafuna kuwatchinjiriza. Apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Bodza limenelo mulisenze ndinu chifukwa chiyani? Anayanika ndine. Mukandiperekeze, mukandiyankhulire, koma mukanene zimene ndanena ine."

Ndinati chabwino, amayi.

Masiku otsatira anavutika ndi nkhani ya nkhuku. Kupepesa mlandu waukulu chimanjamanja sikutheka, ndipo iwo ankafuna yamoyo, yoti munthu aione kuti ndi nkhuku. Tinawauza kuti ya moyo kuno tikhoza kumangidwa nayo m'basi. Anapukusa mutu, anati dziko lake ndi lotani loti munthu sangapepese bwinobwino. Mapeto ake tinagula yopha kale, yokalamba yolimba, kusitolo ya amwenye, ndipo anaiphika okha, osalola wina kuyandikira poto.

Tinapita Lamulungu masana, aneba atakhala masiku angapo chitulukire kuchipatala. Apongozi anavala chitenje chawo cha kumpingo ndi mpango. Iwo ananyamula poto, ine chikuto choyera. Aneba anatitsegulira ali pa ndodo ziwiri, anasangalala, anatilozera mipando. Apongozi anaika poto pa tebulo n'kukhala pansi penipeni, pa kapeti, miyendo atawongola. Aneba anandiyang'ana, anati ndiwauze kuti mpando ulipo. Ndinawayankha kuti auona.

Anayankhula apongozi, ine ndikumasulira. Sanazungulire. Anati anapeza katundu akununkha, anamutulutsa padzuwa monga amachitira kwawo, sanafunse, ndipo waonongeka. Anati akudziwa tsopano kuti m'katundumo munali mawu a akazi awo. Anati madzi akatayika saoleka, ndipo alibe choti angabweze. Anangobwera kuti aneba aone nkhope ya amene wachita zimenezi.

Ndinapereka chikuto. Aneba anasolola chimbale, anachikweza molingana ndi maso, n'kuchizunguza pang'onopang'ono akuyang'ana m'mphepete mwake. Anatsimphina mpaka pa choimbira, anachiika, anatsitsa singano.

Mphepete ndi mmene munapindika koposa, ndipo nyimbo ija inali yoyamba, ya m'mphepete momwemo. Chimbale chinkakwera n'kutsika. Singano inakwera nacho, mawu a mayi anatuluka kachidutswa, theka la liwu, kenaka singano inadumpha n'kukagwera pakati, pamene ogani wa aneba ankalira mokhotakhota. Anaibweza. Inadumphanso. Anayesa kuipanikiza pang'ono ndi chala, ndipo chimene chinatuluka chinali kukhuluza kokha. Anayesa kangapo, kenaka anazimitsa.

"Palibe kanthu," anatero. "Zinthu zimachitika. Muwauze kuti asadandaule. Ndiike madzi a tiyi?"

Ndinamasulira.

"Akunama," anatero apongozi. "Musawauze zimenezo. Koma akunama."

Tinakhala. Aneba sanapite kukaika madzi aja. Anadzitsitsa pampando wawo, ndodo zili pakati pa miyendo, maso ali pa khoma latsopano limene linali lisanapakidwe penti. Ine ndinkafuna titsanzike. Ndimadziwa kuti anthu a kuno chisoni chawo amafuna kuchidya okha, ndipo tinali titawaima pakhosi. Koma kwathu munthu woferedwa sumusiya chifukwa wanena kuti palibe kanthu, ndipo apongozi anali asanasunthe.

Kenaka anayamba kung'ung'udza. Chapansipansi, milomo yotseka, ngati mmene ankachitira pogoneka mwana. Inali nyimbo ija. Ndinachita manyazi, ndinafuna kuwaletsa, koma ndikanayambira pati? Aneba anatembenuza mutu. Anamvetsera mpaka chakumapeto kwa vesi, pamene apongozi anakweza mawu n'kuwakhotetsa mwa kumpingo kwawo.

"Ayi," anatero aneba mwamphamvu. "Pamenepo sipakwera. Muwauze kuti pamenepo amatsika."

Ndinawauza. Apongozi anati iwo kukhoma ankamva pakukwera.

"Ndinalipo pojambula," anatero aneba. "Amatsika."

Ndipo pofuna kuwaonetsa, anaimba. Mawu awo anali okalamba, osweka, a munthu amene ntchito yake inali kuuzira chitoliro osati kuimba. Anaimba vesi loyamba lonse, la mkazi amene akuyang'ana utsi wa fakitale pawindo n'kumayerekeza kuti mwamuna wake ali pati. Apongozi anamvetsera, anagwedeza mutu kuvomera kuti pamenepo amatsikadi, ndipo pa vesi lachiwiri analowa pansi pawo ndi mawu achiwiri, opanda Chingerezi, ongonyamula. Sindinganene kuti zinali zokoma kwambiri. Zinali ngati anthu awiri akunyamula tebulo pa masitepe. Koma inali nyimbo yomwe ija, ndipo inkayenda.

Pa vesi lachitatu aneba anatchula mawu awiri kapena atatu, n'kuima.

Apongozi sanaime. Anapitiriza kung'ung'udza vesi lonse mpaka kumapeto, anabwerera poyambira, n'kuchedwetsa pang'ono kuti aneba alowe. Ndi mmene amayi amachitira pa maliro wotsogolera akasowa mawu: amamusungira malo, amazungulira, mpaka awapeze. Aneba analowa ndi mawu omwe aja, anafika pomwe paja, anaimanso. Apongozi anazungulira kachiwiri. Aneba anatseka maso, milomo ikuyenda popanda kutuluka kanthu. Kachitatu anakweza dzanja, ndipo apongozi anasiya.

"Mawu ake sindikuwadziwa," anatero aneba. Sankayankhula kwa ine kwenikweni. "Zaka zonsezi, Lamulungu lililonse. Pofika pamenepa ndinali nditasiya kale kumva mawu a nyimboyo. Ndinkangomva iyeyo."

Apongozi anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinawamasulira mmene ndikanathera. Anaphimba nkhope ndi mpango wawo, ndipo analira mosabisa, mmene aneba sakanalirira pamaso pa alendo. Ine ndinayang'ana poto wa nkhuku. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo sindinadziwe kuti ukuwawira ndani mwa awiriwa. Patapita nthawi aneba anadzuka n'kukaikadi madzi a tiyi, ndipo tinamwa.

Chimbale chija ndinapita nacho kwa katswiri wina wa zimbale ku Salford. Anachiwongola ndi makina ake, ndipo nyimbo za m'kati zinapulumuka, za ogani ndi ng'oma. Za ya m'mphepete anati tinjira ta singano tinasungunuka, palibe chotsala choti n'kuwerenga. Ndinakopera zotsalazo pakompyuta monga ndinalonjezera. Aneba anathokoza, koma sindinazimvepo kukhoma.

Sanatisungire chakukhosi, kapena ngati anasunga sanationetse. Loweruka ndinapitiriza kupita, ndipo lamulo la pakamwa tseka linapitirira. Poto anabweza wotsuka, muli mabisiketi. Apongozi anati munthu ameneyu analeredwa. Mpaka tsiku limene ananyamuka sanayanikenso chinthu popanda kufunsa, ngakhale thaulo, ndipo kufunsako kunkandipweteka kuposa zimbale zonse zopindika. Lamulungu masana ankasitabe pafupi ndi khoma lija, n'kumang'ung'udza mokwezako pang'ono. Ngati kuseri kunali womvetsera, sindidziwa.

Atabwerera ku Ntcheu, foni iliyonse inkatha mofanana. Akatha kufunsa za mwana ndi za nyengo, ankauza mwana wawo kuti, "Afunseni bambo a mwana, mzungu uja vesi lija analipeza?" Ine ndinkayankha ndili chapatali kuti ayi, sanalipeze. Ndinawafunsapo aneba kamodzi kokha. Anati nthawi zina limabwera pafupi akamatsuka mbale, koma akangoti alitchule limachoka.

Aneba anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Zimbale zinatengedwa ndi mphwawo wina, ndipo m'nyumbamo mwalowa ana asukulu amene nyimbo zawo n'zovinika ndithu. Uthenga wa maliro ndinaupereka ndekha pafoni, osadzera mwa wina.

"Basi," anatero apongozi. "Vesi lija akalimva kwa mwini wake."

Kenaka anafunsa ngati kwathu kuno dzuwa latulukako.